Masabata Asanu M'chigafa

Mwana wanga Nthanda, wa zaka khumi ndi zisanu, atapezeka ndi korona, azaumoyo anati akhale payekha masabata awiri. Ndinatchinga chigafa ndi udzu n'kumusamutsira momwemo, poti fodya tinali tisanayambe kuthyola. Chakudya amayi ake ankamusiyira pamwala.

Nkhani inafika kumsika kwathu ku Wimbe msanga. Pamzere wa feteleza wotsika mtengo anthu anandipatuka ngati ndaponda zonyansa, ndipo ndinabwerako nditafufuma ndi ukali.

Chifuwa chinatha, masiku anakwana, koma mwana sanatuluke. Ankangokhala atagwira tsaya, osasamba, osalankhula. Ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinkakalipira amayi ake kuti akulera ulesi.

Tsiku lomwe tinathyola fodya woyamba, ndinalowa m'chigafamo ndi masamba paphewa.

"Iwe, muno ndi mwa fodya, osati mwa alesi! Unachira kalekale, ukudikira chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Ndimadikira kuti mundiitane, bambo. Munati ndisayandikire nyumba mpaka mudzanene inuyo. Ndimayesa ndikukuchititsanibe manyazi."

Masamba aja anandipulumuka. Mawu amenewo ndinanenadi, tsiku la feteleza lija, nditaima patali, mphuno nditatseka ndi chipewa. Kenako ndinaiwala.

Fodya ndinkamuyendera m'mawa uliwonse kuona ngati wakhwima, ndipo tsiku lothyola sindinaliphonye. Mwana wanga anakhala masabata asanu, mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo panga, akudikira ndinene kuti bwera.