Mizere ya pa Lamba wa M'chiuno

Nkhaniyi anandiuza ndi wosoka nsapato wina wa pakhonde la sitolo, pafupi ndi depoti ya mabasi, tsiku limene nsapato yanga inayasama. Ndinakhala pabenchi phazi limodzi lili pamtunda, iye akusoka uku akusimba.

Panali mayi wina wamasiye, wamfupi, wochepa thupi. Mwamuna wake anali wonyamula mankhwala pachipatala china chaching'ono. Kawiri pasabata ankabereka chikwama chachikulu chakumsana, n'kukwera nacho mapiri kupita kumidzi kosafika galimoto. Anali wamtali, wojintcha, moti anthu ankangomuti a Nsanamira. Atamwalira, mayiyo anapempha ntchitoyo, pakuti nyumba imene ankakhalamo ndi ana inali yachipatala. Ntchito ikapita, nyumbanso ipita.

Namwino wamkulu anavomera. Koma maulendo atatu mayiyo anafika dzuwa litapendeka, odwala atabalalika.

"Mayi, Lachinayi mukachedwanso tifuna wina," anatero namwinoyo. "Si nkhanza. Kumeneko anthu amadikira."

Chomuchedwetsa chinali chikwama. Malamba a m'mapewa anali mmene malemu anawasiyira, aatali, ndiye chikwama chinkalendewera mpaka m'munsi mwa msana n'kumamukokera chagada. Lamba wa m'chiuno sankamanga n'komwe, anangomupinda n'kumufungatiza kumbuyo. Iye ankadziwa kuti malambawo amafupikitsika. Kungoti akawayang'ana ankaona mapewa a mwamuna wake, ndipo zovala zonse anali atagawana abale.

Lachitatu msoko wina wa chikwamacho unamasuka, ndipo mayiyo anapita nacho kwa wosoka uja.

"Bambo, mungosoka pano pokha. Malambawo musawakhudze."

Wosoka anayang'ana chikwama, anayang'ana mwini wake. "Kodi mwabwereka kwa mlongoti, mayi? Umu mukhoza kugonamo ndi ana omwe."

"N'cha malemu bambo a ana anga."

Wosoka anatsitsa maso, nasoka msoko uja. Pobweza chikwama anaona kansalu kopindidwa paphewa la mayiyo, kali ndi timagazi.

"Pepani, ndilankhuleko zantchito yanga. Katundu wolemera sakhala pamapewa. Amakhala pachiuno, mapewa amangogwiriza kuti asagwe. Malamba enawa ndiwasiya, koma wa m'chiunoyu tangomuyesani."

Anatambasula lamba uja pabondo, n'kumuyang'anitsitsa. Lamba akakhalitsa pachitsulo chomangira amasiya mzere. Panali mzere umodzi wakuda, wozama, pamene chitsulo chinaluma kwa zaka zambiri. Kutsogolo kwake kunali mizere ina inayi, yosazama, uliwonse wothina kuposa unzake.

"Malemuwo anadwala nthawi yaitali?" anafunsa.

"Sabata ziwiri zokha."

Wosoka anamupatsa lambayo. Mayiyo anayendetsa chala pamizereyo, umodzi umodzi. Anakumbukira jekete imene mwamuna wake anayamba kuvala ngakhale kukutentha, mmene ankazimitsira nyali asanavule malaya, ndi mbale zimene ankakankhira ana ati wadya kale kumidzi.

Anabereka chikwama, nakoka lamba mpaka chitsulo chinakhala pamzere wotsiriza. Chinagwira ndendende. Chiuno cha a Nsanamira, paulendo wawo womaliza, chinali chitafanana ndi chake.

Mabasi ankalira kumbuyo kwake.

"Ndiye ankakwera mapiri aja ali chonchi," anatero mayiyo pansipansi. "Osandiuza."

"Amuna ena ndife opusa, mayi."

"Iye ankakoka lamba kuti akafike. Ine ndikusunga malamba, odwala n'kumabwerera." Anapukuta m'maso ndi kansalu kapaphewa kaja. "Fupikitsani enawo."

Wosoka anayamba wamasula onse. Anamuuza akweze lamba wa m'chiuno akhale pamwamba pa mafupa, kenako anakoka a m'mapewa pang'onopang'ono, uku ndi uku, mpaka chikwama chinakhudza msana wonse. Anaponyamo nsapato za anthu ndi chitsulo chake chokhomerapo kuti chilemere, namuyendetsa pakhondepo kawiri.

"Mabotolo olemera muziika pafupi ndi msana, zopepuka pansi. Nanga michira yotsalayi ndidule?"

"Ayi, musadule. Ipindeni, mumange ndi ulusi."

Lachinayi mayiyo anafika kumidzi dzuwa lisanafike pamutu, ndipo nyumba ija akukhalamobe.

Wosoka anathera pomwepo, n'kundipatsa nsapato yanga. Ine ndayenda ndi zikwama zambiri, ndipo changa ndinachifufuza tsiku lomwelo. Mzere umodzi ulipodi, sindikana. Koma zoti lamba angasunge mizere isanu yowerengeka bwinobwino, komanso zoti mkazi angagone nyumba imodzi ndi mwamuna akutha thupi chotero osazindikira, ndimakayika. Mwina mayiyo ankadziwa kale, ndipo lamba uja anamupinda kuti asamuone.