Goli la Bambo

Lole ya wabutchala inali itaima kale kumsewu pamene Mzime anatuluka m'nyumba atanyamula mphasa zimene anthu anagonapo pamaliro. Anaziponya pansi. Kukhola, mchimwene wake wamkulu, amene anthu ankangomutchula kuti Akalaliki chifukwa cha ntchito yake ya mu ofesi kutauni, anali kulimbana ndi chingwe pa nyanga za ng'ombe za malemu bambo awo. Nsapato zake zinali zitamira m'ndowe, ndipo Mzime sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Achimwene, dothi la pamanda silinaume n'komwe."

"Tchuthi changa chatha, chemwali. Ukufuna ndizisiyire ndani?"

Anafotokoza mofatsa, ngati ali pamsonkhano, kuti ng'ombe zimafuna dzanja la mwamuna, kuti wozidyetsa palibe, ndiponso kuti akuba akangomva kuti mwini wake anagona, khola liyera usiku umodzi. Bola zipite zikadali zonenepa.

Chopweteka n'chakuti pa nkhani ya kusowa kwa anthu sananame. Mudziwo unali utatha ngati makatani. Anyamata ndi atsikana onse anapita kokasaka ntchito, nyumba zawo zikugwa chimodzichimodzi. Sukulu inatsekedwa, mbuzi n'kumabisalamo mvula. Otsala anali nkhalamba ndi tiana tongosiyidwa kwa agogo. Manda a bambo anakumba ndi amuna a imvi, kukumba pang'ono, kukhala pansi, kukumbanso. Bokosi linasowa mapewa mpaka analikweza pangolo, ndipo ng'ombe ziwiri zomwezi, Mawanga ndi Kafupi, ndi zimene zinaperekeza mbuye wawo. Akalaliki anafika mwambo uli mkati, n'kulira mokweza kuposa aliyense. Lero operekeza aja anali kuwatumiza kumpeni.

Mzime anaphulika. Anamuuza kuti ng'ombezo si za khomo limodzi, zimalima minda ya mudzi wonse. Mvula yoyamba inali itagwa, ndipo zikachoka ndiye kuti anthu opindika misana abwerera ku khasu, ena sadzala n'komwe. Za dzanja la mwamuna, anamuonetsa zikhato zake zokhakhala. Chiyambireni bambo kudwala mawondo, wogwira pulawo anali iyeyo, bambo akungotsogolera ng'ombe.

"Bambo sanali boma," anatero Akalaliki. "Anthu amenewa ali ndi ana awo kutauni ngati ine ndemwe. Aziwathandiza."

"Ngati inu nomwe. Mwanena zoona."

Mawuwo anamulasa, koma munthu akavala manyazi amasanduka gonthi. Kumsewu wabutchala anaimba belu la lole, poti matope sanamulole kufika pakhomo. Akalaliki anakoka chingwe, ng'ombe n'kutuluka mwaulemu ngati zikupita kodya. Mzime anazitsatira m'mbuyo, misozi ikukana kutuluka chifukwa cha mkwiyo.

Pamphambano zinthu zinasintha. Njira ya kumsewu imapita kumanja, koma Mawanga anakhotera kumanzere, Kafupi naye chimodzimodzi. Akalaliki anakuwa, anakoka, anaterereka, mapeto ake iye ndi amene ankakokedwa. Ng'ombe zinalowa pampata wa mpanda wakugwa, zinadutsa kuseri kwa kanyumba kofolera ndi malata a dzimbiri, n'kukaima pangodya ya munda, phewa ndi phewa, mitu pansi. Ndodo sinazisunthe.

Pakhomopo panali pa Atelala, nkhalamba imene kale inkasoka zovala za mudzi wonse maso asanachite khungu. Ana awo anapita kalekale, ndipo ankakhala okha. Atamva ziboda anatuluka akupapasa ndi ndodo.

"Ndi Mawanga ameneyo? Ndinadziwa ine. Mvula ikangogwa, malemu ankayambira kulima pano, munda wawo n'kudzalima pomalizira. Ndani wabwera nazo?"

"Ndi achimwene a kutauni," anayankha Mzime, mawu ali owuma gwa.

Atelala anafunafuna dzanja la Akalaliki, naligwira ndi manja awiri. Anathokoza mpaka kubwereza. Anati sanagone tulo chimwalirireni mnzawo, poganiza kuti chaka chino adya chiyani, koma taonani, mwana waleredwa bwino amaoneka pamaliro a bambo ake. Akalaliki anayang'ana mlongo wake kuti amupulumutse, koma Mzime sanabadwire zimenezo. Ngati panali chonena, anene yekha, ndi pakamwa pake pomwepo, kwa munthu wosaona amene wamugwira dzanja.

Mzime anatembenuka n'kubwerera kunyumba. Posakhalitsa anabwera atasenza goli paphewa, thukuta lili kamukamu, n'kuligwetsa pamapazi pa mchimwene wake.

"Mukazikweza, mutengenso ili. Lisamandiyang'ane pakhomo."

Akalaliki anaweramira golilo. Mbali imodzi, pamene pamakhudza khosi la ng'ombe, panali pokutidwa ndi nsalu yokhuthala, yotuwa ndi thukuta, yosokedwa ndi ulusi wa thumba. Anaitembenuza. Mabatani awiri anali akadalipo. Anaizindikira nthawi yomweyo: inali jekete imene anatumizira bambo ake chaka china kukuzizira, ija ankauza aliyense ku ofesi kuti nkhalamba yake kumudzi ikufunda ngati bwana.

"Jekete iyi..."

"Ndinasoka ndine, mopapasa momwemu," anatero Atelala. "Ndinawaletsa, ndinati chovala chabwino chotere, cha mwana wanu. Iwo anati kuzizira anakuzolowera, koma Kafupi ali ndi chilonda pakhosi ndipo minda ya anthu sinathe."

Kumsewu belu linaliranso, motalika. Akalaliki sanacheuke. Anakhala chogwada m'matopemo kanthawi, chala chikusisita batani. Kenako ananyamula golilo movutikira n'kuliika pamakosi pa ng'ombe molakwitsa, mbali ya nsalu ili kwa Mawanga. Mzime anangomuyang'ana mpaka iye mwini anaona chipsera pakhosi pa Kafupi, n'kulitembenuza.