Zitini za Simenti za Wometa

"Alamu, kodi zitinizi zamwa madzi? Lero zalemeratu," anatero mphunzitsi, chitsulo chili m'mwamba, mitsempha ya m'khosi itatupa.

Wometa anangopitiriza kutsuka mano. Zitini sizinamwe madzi. Iye yemwe ndiye anaumba zatsopano mobisa, n'kusakaniza mabawuti ndi zidutswa za zitsulo m'simenti, kuti mlamu wakeyo zimukanike, achite manyazi, asiye.

Chitsulocho chinali cha wometa: paipi ndi zitini ziwiri za penti. Anayamba kalekale kuchinyamula kuseri kwa nyumba, akumeza mazira osaphika, koma manja ake anangokhalabe ngati mipini ya makasu. Mphunzitsiyo, mlongo wa mkazi wake amene anabwera kudzakhala nawo, ankangochinyamula mosewera podikira madzi osamba kuti atenthe. Komatu malaya anayamba kumuthina m'mapewa.

Chitsulo chomwecho, mbale yomweyo. Nanga mnofu unkasankha bwanji munthu?

"Kodi kusukuluko mumadya chiyani?" anamufunsa tsiku lina.

"Choko, alamu. Matupi ndi minda. Wanuwo mwina ndi wamchenga."

Mkazi wa wometa anaseka mpaka kutsamira khoma. Kuseka kumeneko n'kumene kunachititsa wometa kugula simenti.

Tsopano mphunzitsi anatsitsa chitsulo, kupuma pang'ono, n'kuchikwezanso. "Izi ndiye zabwino! Zija zimandipepukira."

Mphunzitsi atapita kuntchito, wometa anayang'ana uku ndi uku, n'kugwira paipi. Anakoka. Zitini sizinasunthe. Anakokanso mpaka maso kuchita mdima. Apa m'pamene anakumbukira kuti chitsulo pakhomopo n'chimodzi, ndipo zitini zakale anaziphwanya yekha kuti pasakhale umboni.

"Bwanji masiku ano simukunyamula, bambo a kunyumba?" mkazi wake anafunsa patapita masabata.

"Msana."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula zambiri. Mlamu uja ndiye anangofufuma ngati buledi.

Tsiku limene mpando watsopano wometera unafika, wometa anapinda manja a malaya kuti ausenze kupita nawo kushopu. Mkazi wake anamugwira dzanja.

"Ayi, ndi msana umenewo? Achimwene, tawathandizani alamu anuwa."

Mphunzitsi anauponya paphewa ngati pilo, n'kuyamba ulendo akuimba mluzu. Azimayi a pampopi anasiya kutunga. Wometa anatsatira m'mbuyo atanyamula kathumba ka zipeso, ndipo poona kuti anthu akumuyang'ana, anaika dzanja pamsana, n'kuyamba kutsimphina.