Pamsana Pali Kale Munthu

Mchombo wa mwana utagwa, Ivone anamutulutsa m'chikuta m'mamawa, dzuwa lisanafike pakhonde. Kwawo ku Mongue, woyamba kubereka khanda kumbuyo amakhala agogo ake akuchikazi. Amazungulira nalo nyumba, kenako n'kulibwezera kwa mayi wake, ndipo zimenezi zisanachitike mayi saika mwanayo kumbuyo. Choncho Ivone anatenga kapulana yatsopano, chitenje choberekera mwana, n'kukagwada pamaso pa amayi ake, a Alzira, amene anali pamphasa pakati pa bwalo, kutali ndi khoma.

A Alzira analandira mwanayo m'manja. Anamununkhiza pamutu, n'kuseka kuti watenga makutu a bambo ake, a Julião. Koma kapulana ija sanaikhudze.

"Pamsana pali kale munthu," anatero. "Awiri sangakwanepo."

Mawu amenewa Ivone anakula akuwamva, koma ankaganiza kuti pa mwana wake asintha.

Msana wa a Alzira unayamba kupindika Ivone akadali pasukulu. Poyamba anali mapewa okha. Kenako linunda linatumphuka pansi pa khosi, ndipo tsopano akamayenda ankangoona zala za kumapazi kwawo. Phiri la Tumbine ankaliona pokhapokha akakhala pansi n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yoonera mphamba. Chaka chatha Ivone anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala ku Milange. Namwino anawapapasa msana n'kunena kuti ndi ukalamba: mafupa amafewa mkati ngati chinangwa chofumbwa, n'kumaphwanyana pang'onopang'ono, makamaka kwa amayi amene agwira khasu lalifupi moyo wawo wonse. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti m'mawa uliwonse azitsamira khoma kuti aziwongoka. Mapiritsi anamwa onse. Zotsamira khoma anakana, ati angamupsinje wa pamsanayo.

Sankagona chagada. Polowa pakhomo ankayamba apendekera kumbali, ngati munthu woopa kugunditsa mutu wa mwana pamphuthu. Akamadya mbatata ankanyema kachidutswa n'kukapereka chakumbuyo, pamwamba pa phewa, ndipo kankagwa pansi. Masiku ambiri nkhuku zinkatola. Masiku ena zinkangokazungulira. Ndipo akaimirira, dzanja lamanzere linkapita lokha kumbuyo, n'kukhala chogadama pansi pa linunda, mmene mayi amachirikizira matako a mwana.

Munthu wa pamsanayo anali Celso, mwana wawo woyamba. Nthawi ya nkhondo, Ivone asanabadwe, a Alzira anathawa naye kumbuyo kulowera ku Malawi. Njira yonse mwanayo anali chete, ndipo iwo ankathokoza Mulungu kuti sakulira. Atawoloka mtsinje wa Ruo anakomoka ndi njala ndi malungo. Amayi ena anawamasula mbereko, n'kupeza kuti mwana anazizira kale. Anamuika m'manda tsiku lomwelo pamodzi ndi ena ambiri, pamalo amene lero ndi munda wa munthu. A Alzira atatsitsimuka anangouzidwa. Manda sanawaone, ndipo chimene ankabwereza nthawi zonse n'chakuti palibe amene anamuuza mwanayo kuti atsike.

"Pano ndi bambo wamkulu," ankatero. "Ndi msana wanji umene sungapindike?"

Mng'ono wawo, amene Ivone ankamutchula kuti titiya Inês, ankayankha kuti ngati wakula atsike azikalima nandolo, amuna a kuno onse ndi amodzi, kukonda kuberekedwa. A Alzira ankaseka nawo, koma dzanja lili kumbuyo.

Masabata anapita mwana ali m'manja. Ivone sankatha kupalira, sankatha kusenza ndowa, ndipo udzu unakwera m'chimanga. A Julião, amuna ake a Ivone, amene ankanyamula katundu wa anthu panjinga kumalire, anafika tsiku lina ndi uthenga wochokera kwa amayi awo. Ati ngati agogo akuchikazi akukana, mwana abwere naye ku Molumbo, amubereka iwowo, ndipo banja likhazikike konko. A Julião sanakalipe. Anangoti mwezi ukatha aona chochita. Ivone anayang'ana amayi ake, amene ankasesa bwalo nkhope ili pafupi ndi tsache, n'kudzifunsa kuti akachoka adzawatungira madzi ndani.

Titiya Inês ndiye anabweretsa nzeru. Munthu akafera kutali mtembo osabwera, amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda a kwawo m'malo mwake. Ambiri amene anabwerera kuchokera ku Malawi anachitira abale awo zimenezi kalekale. A Alzira okha ankakana. Ulendo uno anayang'anitsitsa mdzukulu wawo. Kenako anavomera, koma anati Celso apite kumanda mmene anachokera kuno, ali kumbuyo, ndipo akauzidwe ndi pakamwa kuti atsike.

Maliro a khanda ndi a amayi okhaokha. Lachisanu dzuwa litakwera, titiya Inês anadula mphukira ya nthochi yotalika ngati mkono, naikulunga m'nsalu yoyera. Amayi awiri a kutchalitchi anatsogola ndi makasu. Anawaika a Alzira phukusilo kumbuyo n'kumanga kapulana pachifuwa, ndipo ananyamuka, Ivone ali pambuyo ndi mwana wake m'manja.

Njira ya kumanda imakwera kamtunda ka miyala. Pa linunda phukusi silinkakhazikika. Linkatsetserekera kumanja, akalikonza n'kutsetserekera kumanzere. Atafika pa mtengo wa mango umene uli pakati pa chitundacho, a Alzira anagwada pansi, akupuma movutika, thukuta likudontha pamphuno. Titiya Inês anati apume kaye. Koma Ivone anaona milomo ya amayi ake itayera, ndipo anachita mantha kuti abwerera panjira, zonse n'kuthera pomwepo. Anapatsira titiya mwana wake, anamasula kapulana pachifuwa pa amayi ake, anawerama, n'kudziika yekha phukusi lija kumbuyo.

Mmodzi wa amayi a makasu anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, koma Ivone anali atamanga kale mfundo. Panalibe chobweza.

Thunthu la nthochi ndi lozizira. Madzi ake anadutsa nsalu n'kumunyowetsa pakati pa mapewa. Silinali lolemera, koma linakhazikika bwino kwambiri, ngati chinthu chodziwa pogwira. Aka kanali koyamba kuti Ivone abereke kanthu kumbuyo chibadwire mwana wake, ndipo maganizo amenewa anamufikira atayenda kale kamtunda. Anawakankhira kumbali. Amayi ake anali atadzuka, ndipo ankabwera pambuyo pake mofulumira kuposa kale.

Kumanda amayi aja anakumba dzenje losaya pafupi ndi manda a bambo ake a Ivone. Anaimba nyimbo imodzi motsitsa mawu. Kenako a Alzira anaima m'mphepete mwa dzenje, anatembenuzira nkhope paphewa lawo, n'kunena ndi mawu a munthu wodzutsa mwana:

"Celso, tsika mwanangu. Tafika."

Onse anadikira. Kunalibe mphepo, ndipo njiwa imene inkalira m'mitengo inasiya. A Alzira anapititsa dzanja kumbuyo, n'kupapasa linunda lonse kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno.

"Palibe," anatero. "Anatsikira pamango paja."

Anakweza mutu mmene akanathera, n'kumuyang'ana Ivone. Titiya Inês anafulumira kunena kuti basi ndiye bwino, wamva msanga, mwana womvera. Anamasula yekha phukusi kumbuyo kwa Ivone, analigoneka m'dzenje, ndipo anakwirira. Ivone anafuna kufunsa ngati nayenso anene mawu aja, koma dothi linali litayamba kale kugwa, ndipo anachita manyazi pamaso pa akuluakulu.

Atafika kunyumba n'kusamba m'manja, a Alzira anaitanitsa okha kapulana yatsopano ija. Msana wawo unali wopindika monga kale, sunawongoke ngakhale pang'ono. Koma mwana atamuika, anakhala bwinobwino pamwamba pa linunda, mutu uli pakhosi pa agogo ake. Anazungulira naye nyumba akung'ung'udza kanyimbo, titiya Inês akululutira pambuyo, akuti kauzeni a ku Molumbo asunge kapulana yawo. Ivone anaseka mpaka misozi. Mawa akapalira, ndipo sapita kulikonse.

"Tenga wako," anatero a Alzira. "Tsopano ndi nthawi yako."

Ivone anawerama. Titiya Inês anamuika mwana kumbuyo n'kuyala kapulana. Mwanayo, amene kwa agogo ake anali chete, anakuwa n'kupinda miyendo, n'kutsetserekera m'nthiti. Anamubwezera pakati, anatsetserekanso. Ivone anakoka nsonga za kapulana kuti amange pachifuwa, koma sizinakumane. Inali kapulana yomweyo imene inangozungulira linunda la amayi ake n'kutsalako. Anakokanso ndi mphamvu. Panatsala mpata wokwana dzanja.

Titiya Inês anati mwana watopa, ayesanso mawa, ana ena amatero. Ananena akuyang'ana kumbali. Kenako anakumbukira kuti anasiya mbuzi padzuwa, ndipo anapita.

Ivone anakhala pakhonde n'kuyamwitsa mwana mpaka anagona. Bulauzi yake inali ikadali yonyowa pakati pa mapewa, ngakhale dzuwa linali litaumitsa zonse pabwalo. Utomoni wa nthochi suchoka pansalu, anadziuza, ndi umenewo basi. Atatembenuka anaona amayi ake atakhala pansi, atatsamira khoma ndi linunda lonse, miyendo atatambasula, akugona kukamwa kuli yasa. Nkhope yawo inaloza ku Tumbine.

Anadzuka kuti akagoneke mwana m'nyumba. Pakhomo anapendekera kumbali asanalowe. Anali kale mkati pamene anazindikira kuti mwana wamunyamula ndi dzanja limodzi, ndipo linalo lili kumbuyo, chogadama.