Diresi la Mkazi wa Edmond

Célestin Rouzic sankakhala pansi asanasalaze kumbuyo kwa buluku ndi manja onse awiri, ngati mayi wosamala siketi yake m'tchalitchi. Ankatero ngakhale akukhala pachitsa. Kwawo ku Quimper, ku France, anali wopha nkhumba, wa zikhatho zokhakhala koma nkhope yaing'ono. Mumsasa wa Ajeremani wosungiramo akaidi a nkhondo ku Silesia dzina lakelo linaiwalika, onse ankangoti Mayi Léontine.

Léontine anabadwira pansanja ya zisudzo imene akaidi a ku France anakhoma ndi matabwa a mabokosi. Tsitsi lake linali chingwe chomasula, mabere anali masokosi, pamilomo ankapaka njerwa yopera yosakaniza ndi majarini. Diresi lokha ndilo linali lenileni, labuluu, la mabatani kumsana. Analitumiza m'phukusi Marthe, mkazi wa Edmond, mlimi wa mphesa amene ankagona bedi la pansi pa Célestin, ndiye msasa wonse unkatcha Edmond kuti amuna a mayi. Nyumba iliyonse ya akaidi inkasonkha malezala kuti Léontine asaoneke ndevu. Sewero likatha, amuna odzala nsabwe ankafola kudzapsompsona dzanja lake, ena misozi ili chuchuchu.

Ochita zisudzo sankatumizidwa kumgodi wa mchere. Opita kumeneko ankabwerako akutsokomola magazi, ena osabwerako n'komwe.

Tsiku lina masana akusenda mbatata, kunatulukira Aloïs, mkaidi amene ankamasulira zonena za Ajeremani.

"Mayi, mwayi wakugwerani. Kaputeni Lindner akukufunani Loweruka kuphwando la maofisala. Muvale diresi lija, mukavine nawo. Kukakhala tsekwe wowotcha."

"Sewero lililonse amakhala mpando wakutsogolo. Sakukhuta?"

"Kuona kwawakwana. Tsopano akufuna agwireko m'chiuno."

Osenda mbatata anafa ndi phwete. "Edmond, akukulanda mkazi dzuwa likuswa mtengo!" anakuwa wina. Edmond sanaseke.

"Nanga ndikakana?" anafunsa Célestin.

"Lolemba kuli galimoto yopita kumgodi. Ati malo alipo."

Phwete lija linazima. Aloïs atachoka, Edmond anasendera pafupi.

"Pita, aise. Diresi ndi nsalu chabe. Marthe sadzadziwa."

"Iwe udzadziwa."

"Ndidzadziwanso kuti uli moyo. Chifuwa chakocho sichingathe nyengo yachisanu kumgodi."

"Umawaona anyamata ndikatulukira pansanja? Ukuganiza amalirira wopha nkhumba? Aliyense amaona mkazi wake m'diresi lija. Ndiye nditenge akazi a msasa wonse ndikawapereke m'manja mwa Lindner chifukwa cha mwendo wa tsekwe? Dziko atenga, mphesa zako akumwa ndi iwo. Izi zokha ayi."

"Ndiwe mbuzi," anatero Edmond.

"Mbuzi ndi amene anakwatira ine."

Kuyambira tsiku limenelo Célestin sanagwirenso lezala. Malezala otsala anawabweza kunyumba zimene zinasonkha. Ndevu za Célestin sizinkachedwa, pofika Loweruka nkhope inali bii ngati pansi pa mphika.

Madzulo dzuwa lisanalowe, mlonda anabwera kudzamutenga ndipo anangoti kakasi. Célestin anali m'malaya ake ausilikali ong'ambika pachigongono, nsapato zamatabwa zikulira kwapakwapa. Sanadikire kukankhidwa, anatsogola yekha.

M'nyumba ya maofisala munkanunkhira mafuta a nyama, mpaka m'mimba mwake munalira. Galamafoni inali ikuimba. Lindner, munthu wamtali wa magalasi, anaima ndi tambula m'manja, akuyang'ana kukhomo ngati kukubwera wina. Kenaka analankhula.

"Akufunsa kuti Léontine ali kuti," anatero Aloïs.

"Uwauze kuti mayi ndi apabanja, ndipo amuna awo ndi ochuluka zedi. Savina ndi alendo. Koma ngati mapazi akuwayabwa, wopha nkhumba ndi uyu. Ndimadziwa kugwira bwino."

"Wapenga? Zimenezo sindimasulira."

"Masulira, m'bale. Supu wambiri amakupatsira zomwezo."

Aloïs anamasulira akuyang'ana pansi. Ofisala wina wachikulire anaseka mpaka vinyo kutulukira m'mphuno, ndipo kusekako ndiko kunapweteka Lindner kuposa mawu. Makutu ake anafiira. Anaika tambula patebulo pang'onopang'ono, nanena liwu limodzi.

"Akuti Lolemba."

"Limenelo ndamva ndekha."

Lamulungu a zisudzo anabwera gulu kudzamuchonderera. Mkulu wawo anati akapepese, mwina Lindner akadali ndi khutu. Amete, avine nyimbo imodzi yokha, nkhani ithe.

"Nyimbo imodzi ili ndi azing'ono ake," anatero Célestin. "Inu pitirizani masewero. Anyamata akafunsa, muziti Mayi Léontine apita kumudzi kukadwazika matenda."

Anapinda diresi n'kulipereka kwa Edmond. "Ulisokerere m'matiresi. Akakuona nalo adzaveka wina."

Edmond analilandira, kenaka anavula sikafu yake yaubweya n'kuiponya pabedi la Célestin. Ena anabweretsa zimene anali nazo, wina fodya, wina kachidutswa ka sopo, wina theka la buledi. Célestin sanakane kanthu. Anaziika m'chikwama pamodzi ndi chitini chodyera, supuni ndi bulangete, n'kumanga chingwe mfundo ziwiri. Anachiyesa paphewa. Chinali chopepuka, ndipo anachiika pafupi ndi khomo.