Thabwa la pa Njinga ya Nsanamira

A Matebulo anaiona asanalowe n'komwe mu garaja muja. Inali kuseri kwa njinga zamoto zina zakale, yakuda, yaitali, thanki yake yobinyika pang'ono kumanzere. Pa kaliyala panali thabwa. Thabwa limenelo analipala okha ndi manja awo.

"Bambo, mwaimiranji pakhomo? Yathu ili uku," anatero mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomuitana kuti Chitsiriza.

Mtsikanayu anali atangopeza ntchito yobaya katemera mbuzi ndi nkhuku, kumadera kumene minibasi sifika. Mabwana anamuuza kuti apeze njinga yakeyake. Kukwera anaphunzirira pa njinga ya mnzake, kumangozungulira bwalo la mpira, ndipo pamsewu weniweni anali asanayendepo. Bambo ake anamuperekeza poti chinthu chakale chimafuna maso a munthu wamkulu, ngakhale iwo ankadziwa za matabwa basi. Za injini ayi.

Koma njinga yakuda ija inali ya mwana wawo wamwamuna. Anali wamtali moti anzake anamupatsa dzina loti Nsanamira. Anamwalira dzinja lathalo, chifuwa chongoyamba ngati chimfine. Mkazi wake pobwerera kwawo ndi ana anaigulitsa njingayo, ndipo palibe anamunena. A Matebulo sanafunse n'komwe kuti yapita kuti.

Makanika, a Sipanala, anatulukira pansi pa galimoto akupukuta manja ndi chisanza. Atawaona kumene akuyang'ana, anakanda m'mutu.

"Madala, ndinaiika kuseriko dala. Ndimati musaione."

"Ilizeni."

"Achemwaliwa ndawasungira yofiira iyi, yaing'ono."

"Ndati ilizeni."

A Sipanala anaikoka, n'kuiponda kamodzi kokha. Inalira. Kulira kwake kunali komwe kuja, kokhuthala, kumene kankamveka pageti Lamulungu lililonse Nsanamira akamabwera kudzawaona. A Matebulo anagwira handulo, kunjenjemera kwa injini kukuwalowa m'dzanja.

"Tigula iyi," anatero.

Chitsiriza anayang'ana yofiira ija. Inali yosuluka, chishalo chosokedwa ndi ulusi wa matumba. Anayang'ananso bambo ake. Chimwalirire achimwene ake, nkhope ya bambo inali isanawale ngati mmene inawalira pamenepo.

"Chabwino bambo. Ndizolowera."

"Kwerani kaye tione," anatero a Sipanala.

Chitsiriza anakwera yakuda ija movutikira, akugwira phewa la makanika. Atakhala pachishalo, miyendo inangoti lende. Chala chachikulu chokha ndiye chinkakhudza simenti, nachonso mbali imodzi.

"Achemwali, pansi pakukupatsani moni koma simukuyankha."

Chitsiriza anaseka, kuseka kwamanyazi. "Achimwene ankati ndikakhala pampando wa m'basi ndimakhala ngati ndayanikidwa."

"Zimenezo n'zazing'ono," anatero a Matebulo. "Ine tebulo likatalika ndimadula miyendo. Inu simungadule chishalochi?"

"Siponji ndingachepetse pang'ono, madala, koma njinga si tebulo. Kulemera kwake sindingadule. Tayembekezani."

A Sipanala anali ndi kachitidwe kawo. Munthu wongoyamba kumene sankamugulitsa njinga asanachite zimenezi. Anakoka matiresi akale akuda ndi oyilo, n'kuigoneka njinga ija pang'onopang'ono mpaka handulo inafika pansi.

"Wophunzira adzagwa basi, zimenezo musakayike. Pamchenga, pamatope, mwina galu wadutsa. Ine sindifunsa ngati mudzagwe. Ndikufunsa kuti mukagwa kutchire muli nokha, dzuwa likuswa mtengo, katemera akutentha m'bokosi, muidzutsa? Idzutseni tione."

Chitsiriza anavula nsapato. Makanika anamusonyeza mogwirira: msana ku chishalo, dzanja lina pa handulo, lina pa kaliyala, kukankha ndi miyendo. Anakankha. Njinga inadzuka pang'ono, n'kubwereranso pamatiresi.

"Sindinagwire bwino. Ndiyeserenso."

Anayesanso. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mapazi akuterereka pasimenti. Njinga inangogwedezeka.

"Pumani achemwali."

"Ayi, nditha. Bambo, nditha."

Apa m'pamene a Matebulo anaona. Mwanayo sankayang'ana njinga. Nthawi yonseyi ankayang'ana iwo, mano atalumana, maso ali jenjenje ndi misozi imene sankafuna kuti igwe. Anali akunyamula chinthu china, osati chitsulo chokhacho.

Anavula jekete n'kuwerama pambali pake. "Tiye tonse."

Anakankha awiriwo. Njinga inafika pakati, msana wa a Matebulo unaluma, ndipo akanapanda kulumphira a Sipanala ikanawagwera pamiyendo. Mkuluyo anakhala pa tayala lakale akupuma mofulumira. Anakumbukira tsiku limene thanki ija inabinyika. Njinga inagwa yokha pabwalo mvula itafewetsa dothi, Nsanamira n'kutuluka m'nyumba akutafuna, n'kuidzutsa ngati akudzutsa mpando. Amayi ake anali akadali moyo, anamukalipira kuti adzathyoka msana.

Tsopano amayiwo kulibe, Nsanamira kulibe. Watsala ndi uyu wamfupiyu, wopanda nsapato, akupukuta manja pasiketi kuti ayesenso kachitatu.

"Isiye, mayi."

"Bambo, ndikangozolowera..."

"Isiye. Ndinaika mwana mmodzi m'manda, zakwana. Kakwere yofiira ija ndikuone."

Pa yofiira mapazi onse awiri anafika pansi mpaka zidendene. A Sipanala anaigoneka pamatiresi paja. Chitsiriza anaigwira monga anamusonyezera, anabuula kamodzi, njinga n'kuima.

"Mwaona? Iyi ndiye saizi yanu," anatero makanika. "Kukongola ilibe, ndisakunamizeni. Tcheni chatha, ndisintha musanaitenge. Koma gwirani injiniyi, yazizira eti? Sindinaitenthetse m'mawa kuti ndikupusitseni. Pondani nokha."

Anaponda, inakana. Anapondanso, inalira. Kulira kwake kunali kopyapyala ngati makina osokera.

"Ikulira ngati udzudzu," anatero a Matebulo.

"Udzudzu umafika paliponse, madala. Ngakhale m'neti."

Mkuluyo sanaseke, koma anadzuka. Anaizungulira yofiira ija, akugogoda thanki ndi chala ngati mmene amagogodera thabwa pofuna kumva ngati muli chiswe. Anagwedeza tayala lakutsogolo, anafinya mabuleki. Kenako anabwerera kwa yakuda ija, n'kuika dzanja pa kaliyala.

"Iyi ipita kwa ndani?"

"Pali wina wonyamula matumba kumsika, wamtali ngati malemu. Munthu wosamala, samwa."

"Mumuuze kuti oyilo azisintha msanga. Mwini wake sankachedwetsa." Anasisita thabwa lija. "Koma thabwali silipita nawo. Ndi langa."

A Sipanala anangotenga sipanala m'thumba la ovololo n'kuwapatsa. A Matebulo anamasula okha mabawuti, limodzilimodzi. Thabwalo linali litasalala ndi kukhalidwa. M'mphepete munali mikwingwirima ya mphira imene Nsanamira ankamangira katundu. Pathabwa lomwelo m'pamene iwo ankakhala mwana wawo akamawatengera kuchipatala kukayezetsa shuga, atamugwira m'chiuno, akumuuza kuti achepetse liwiro.

Analiyeza pa kaliyala wa yofiira. Linatsalira kutali kumbuyo.

"Latalika, bambo," anatero Chitsiriza motsitsa mawu.

"Ili ndiye ndingadule."

Njinga anakaitenga mawa lake, tcheni chitasinthidwa. Chitsiriza anafika nayo pang'onopang'ono, chipewa chachitsulo chikumukulira, ndipo pageti injini inamuzimira chifukwa anasiya kilachi mofulumira. Anatsitsa mapazi pansi, njinga sinagwe. Anaikankha mpaka pakhomo pa shedi ya bambo ake.

A Matebulo anali atayika kale thabwa lija pabenchi. Anayeza bokosi la katemera, anayeza kaliyala, n'kulemba mzere ndi pensulo yawo ya kukhutu. Sowo inakhala pamzerewo nthawi yaitali isanayambe kuyenda. Chitsiriza anabwera kudzagwira mbali inayo kuti thabwa lisagwedezeke, ndipo bambo ake anadula.

Analimanga ndi mabawuti omwe aja. Bokosi linakhala bwinobwino, osasuntha.

"Ukafika pamchenga usamathamange," anatero. "Ukagwa, uzimitse kaye injini."

"Ndamva bambo."

"Ndipo Lamulungu uzibwera. Ndizolowera kuliraku."

Iye atapita, a Matebulo anasesa utuchi. Zidutswa za matabwa nthawi zonse ankaponya m'thumba la nkhuni. Chidutswa ichi anachipukuta ndi malaya, n'kuchiika pawindo la shedi, pafupi ndi botolo la guluu. Chikadali pomwepo.