Kumene Madzi Ayamba Kufunda

"Ukuponya kutali ngati ukufuna kukola basi ya ku Sanyati," anatero Enelesi.

"Nsomba zikuluzikulu zimakhala pakuya. Aliyense amadziwa zimenezo," anayankha Lameki.

"Aliyense wa kuti? Wa m'kalasi mwanu muja?"

Lameki anabweza maso pa kabango koyandama kamene anamangirira ku chingwe cha mbedza. Chifikireni pa damu la Claw m'mawa, kabangoko kanali kasanagwedezeke n'kamodzi komwe. Mwezi wa Sepitembala unali utangoyamba, mitengo ya msasa kutsidya itavala masamba ofiira, koma mwala umene anakhalapo unali wozizirabe.

Zoona zake n'zakuti Lameki sanabwerere nsomba. Chimalizireni sukulu, ntchito yake inali kulota, ndipo kwa masabata atatu anakhala akuloweza mawu oti auze Enelesi, mtsikana wa nyumba yoyang'anizana ndi yawo ku Waverley. Mawuwo anali okongola, munali mwezi ndi nyenyezi zomwe. Anakonza zoti akangovuula nsomba yaikulu, aiike pamapazi pa mtsikanayo, ayambe kulankhula. Ndiye nthawi inali kutha. Folo koloko Enelesi amayenera kukwera kombi, minibasi ya ku Chegutu, kukayamba kusoka pa shopu ya azakhali ake. Chegutu si kutali, koma kwa Lameki kunali ngati ku Joni.

"Tiye uko," anatero Enelesi, akuloza kagombe kosaya komwe kunali mitengo youma yoima m'madzi. "Bambo amati kukangoyamba kutentha, nsomba za magwaya zimachoka pakuya kudzakumba zisa pamchenga. Iwe ukuwedza kumene zinali mu Julaye."

"Kumeneko madzi ndi a m'mawondo. Kuli achule okhaokha."

"Kuli ndiwo za sadza. Koma lamulo la bambo ukulidziwa. Pamadzi osaya munthu satsegula pakamwa mpaka nsomba yoyamba italowa m'thumba."

Lameki ankalidziwa lamulolo, ndipo n'chifukwa chake anakakamira pamwala. A Fanizo, bambo ake a Enelesi, anagwira ntchito zaka zambiri pansi pa mgodi ku Gadzema, ndipo ankati phokoso analimva lokwanira moyo wonse. Ngakhale mwana wawo akayetsemula pagombe, ankamuyang'ana ngati waba.

Dzuwa litapendeka, Enelesi ananyamula nsungwi yake n'kuyamba kuyenda. Lameki anatsala pang'ono kukuwa mawu ake onse kumsana kwa mtsikanayo, koma anaona kuti nyenyezi sizingamveke bwino munthu akuzikuwira kumsana. Anatola chitini cha nyongolotsi n'kumutsatira.

Atafika, Enelesi anavula nsapato, n'kumukodola kuti nayenso avule. Analowa m'madzi pang'onopang'ono, osakweza mapazi. Poyamba madzi analuma ngati a m'firiji. Anayenda chammbali, kulowera kumene mphepo inkakankhira tizinyalala, ndipo mwadzidzidzi Lameki anamva kufunda kukukwera m'akakolo mwake. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma Enelesi anaika chala pamilomo. Kenako anamugwira mkono n'kumusuntha kuti chithunzithunzi chake chisagwere kutsogolo.

Mtsikanayo analoza pansi. Pamchenga panali maenje ozungulira, oyera ngati mbale zotsuka, asanu kapena asanu ndi limodzi. Pamwamba pa limodzi panaima nsomba, zipsepse zikugwedezeka pang'ono. Tsiku lonse Lameki anaponya chingwe kutali, nsomba zili pamalo oti mwana angafikepo osanyowetsa kabudula.

Enelesi anamufupikitsira chingwe, n'kudula nyongolotsi pakati. Lameki anaitsitsa pafupi ndi chitsa. Palibe chinachitika. Anafuna kukoka kuti aponye pena, koma dzanja la Enelesi linakanikiza nsungwi. Anadikira. Kutali kumsewu kunamveka hutala ya kombi. Lameki anayamba kubwereza mawu ake chamumtima, koma dzanja lija linali lidakali pomwepo, ndipo mawuwo anayamba kusokonekera, mwezi kulowa pamene panayenera kukhala nyenyezi.

Kabango kananjenjemera, kanaima, kenako kanayenda chammbali n'kumira.

Lameki anakoka. Nsungwi inapindika, madzi anathovoka, ndipo gwaya anatuluka akuphiriphitha, wonyezimira padzuwa. Sanali wamkulu ngati wa m'maloto ake. Anali wongodzaza chikhatho. Pofuna kumugwira, Lameki anaterereka n'kukhala pansi m'madzi, koma nsomba sanaitaye.

Enelesi anaseka mpaka kugwira chitsa. Anatsegula thumba, nsomba inalowa.

"Eya, lamulo latha," anatero. "Tsopano lankhula. Kuyambira m'mawa milomo yako ikungoyenda yokha ngati ya agogo a kutchalitchi. Wandichedwetsa dala, ndipo ine ndalola dala. Kombi sidikira munthu."

Lameki anafufuza mawu ake aja. Mwezi kunalibe, nyenyezi kunalibe. Panali iye yekha, atakhala m'madzi ofunda mpaka m'chiuno, buluku lodzaza mchenga, manja akununkha nsomba.

"Ndinakonza zambiri," anatero.

"Nena chimodzi."

Anaimirira, madzi akuchucha.

"Enelesi, ine ndimakukonda. Ndikufuna undilole ndizibwera ku Chegutu Loweruka lililonse, ndi nsomba kapena popanda nsomba, mpaka azakhali ako atatopa nane n'kundipatsa mpando."